Si zonse ndi ukalamba

Pa maliro, pa ukwati, ngakhale potuluka m'tchalitchi Lamlungu ku Leicester kapena ku Manchester, dandaulo la akuluakulu athu ndi limodzi: m'miyendo mukuphwanya, msana sukupereka mtendere, podzuka pampando mpaka ayambe agwira mawondo. Ukawafunsa amangoti, "Ndi ukalamba, mwanawe," kapena, "Nyamakazi imeneyi." Ife yankho limeneli silitikhutiritsa.

Ambiri amene adabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino, ophunzira ndi osamalira okalamba, lero imvi zawapeza. Adakulira kumene dzuwa umachita kulithawa, ndiye za vitamini D sadaziganizepo, pakuti khungu limadzipangira lokha likawombedwa ndi dzuwa. Kuno ku Britain, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, dzuwa limangowala, mphamvu yopangira vitaminiyu lilibe. Khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuposa loyera, ndipo munthu akamakalamba khungu lake limapanga wochepa. Nanga ntchito zathu za usiku zija, masana onse nkumagona makatani ali otseka? Vitaminiyu akasowa, mafupa amafewa ndi kuwawa, minofu imafooka, ndipo kugwa pang'ono kumatha kuthyola chiuno.

A NHS amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku m'miyezi yozizira, omwe pabotolo amalembedwanso 400 IU, ndipo ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Mapiritsi ake ngotchipa, amapezeka ngakhale m'supamaketi. Koma osapitirira mamaikulogalamu 100 patsiku, poti ochuluka amavulaza impso. Mackerel, sardines, mazira ndi chiwindi zimathandizako, ngakhale pazokha sizikwanira.

Chinanso chofooketsa thupi ndi fodya, koma nkhani yake njovuta kuikamba pakati pathu. Ambirife fizi yathu idachokera ku mabelo amene makolo ankagulitsa ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, ndiye kumunyoza kumakhala ngati kutukwana amene adakulera. Komabe utsi wa ndudu sudziwa mbiri imeneyo. Umayambitsa kutupa kwa m'kati mwa thupi, kosaoneka ndi maso komanso kosapweteka, kumene kumanka kudya mitsempha ya magazi mwakachetechete mpaka tsiku la sitiroko kapena matenda a mtima. Madokotala amakuona poyeza CRP m'magazi, chinthu chimene chiwindi chimatulutsa thupi likatupa. Utsiwo umamalizanso vitamini C, nchifukwa chake ku America osuta amawauza kuwonjezera mamiligalamu 35 patsiku. Mafupa omwe afooka kale aja, fodya amawafooketsanso.

Wina aganiza kuti agula botolo la mavitamini, ndudu nkumasuta monga kale. Ayi ndithu. Ku Finland adayesa kupatsa amuna osuta, pafupifupi 29,000 adali m'kafukufukuyo, mapiritsi a beta-carotene, ndipo zotsatira zake mu 1994 zidadabwitsa ofufuza omwe: khansa ya m'mapapo idachuluka mwa amene ankamwa mapiritsiwo. Piritsi silichapa utsi.

Safunsa adadya phula. Ku England, munthu wa zaka 40 mpaka 74 amene alibe kale matenda monga a mtima kapena shuga amaitanidwa ku NHS Health Check zaka zisanu zilizonse, kwaulere, koma vitamini D sayeza pamenepo. Muyenera kuuza dokotala wanu (GP) za kuphwanya kwa thupiko ndi kupempha nokha. Amene mwamwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri, funsaninso za vitamini B12, makamaka ngati mapazi akuchita dzanzi. Thandizo losiyira fodya nalonso ndi laulere, ndipo GP kapena a ku famase adzakulozerani kopita.

Inu ana obadwira kuno, amene mumadziwa kusungitsa malo kwa dokotala pa foni, bambo anu sakachita okha zimenezi. Asungitsireni tsiku sabata ino, ndipo mukawaperekeze.