Ndinabedwa K120,000 ndili ndi digiri: tikambirane za ma app oberekesa ndalama

Achinyamata anzanga, uthenga wa lero ndi wanga ndekha, si wa komiti. Ndapempha kuti udutse pano chifukwa sabata ino yokha anthu atatu a gulu lino anditumizira link ku inbox, onse akuti ndiikemo kandalama kazibereka tsiku ndi tsiku. Wina mpaka analemba kuti "aphiri musachedwe, ena akudya kale." Ndiye ndaona kuti ndiyambe ndadziulula ndekha.

Chaka chatha ndinabedwa K120,000. Ine ndemwe, wazaka 24, wa digiri yomwe ili mu envulopu pansi pa matilesi. Mnzanga wa ku koleji anandionetsa app ina yoti ukaikamo K20,000 uzilandira K1,000 tsiku lililonse, ntchito yake kungodina batani m'mawa. Ndinakayika, koma ndinayesa. Patatha milungu iwiri ndinatapa K14,000, inalowadi pa foni yanga, ndinakagula nayo bando ndi chiwaya. Apa ndi pamene nzeru zinandithawa. Ndinatenga K100,000 yomwe mayi anandisungitsa kuti tiphatikize ya fetereza, ndikuti ndibweza ndi phindu asanadziwe n'komwe. Masiku asanu ndi anayi otsatira, nambala pa sikirini inkangokwera. Tsiku lomwe ndinati nditape, kunabwera uthenga woti akukonza system, ndipo wofuna kutapa ayambe walipira "msonkho". Wanga unali K14,000, ndendende ija anandikoletsa poyamba. Ndinalipira. Kutacha gulu la WhatsApp linali litatsekedwa kuti azilemba ma admin okha, madzulo link inasiya kutseguka.

Chomwe chimandiwawa kwambiri si ndalamayo. Ndinakoka msuweni wanga wogulitsa kaunjika, naye anataya mpamba wake wa belo. Mpaka pano tikakumana pa maliro timapatsana moni wa pakamwa basi.

Masamu ake ndinawachita mochedwa, ndiye inu achiteni lero. K1,000 pa K20,000 ndi 5 peresenti pa tsiku. Mutaika K50,000 pa phindu limenelo, n'kumabwezera momwemo osatapa, pakutha pa chaka ingakwane pafupifupi K2.7 trillion. Bajeti ya dziko lonse la Malawi ya 2024/25 inali pafupifupi K6 trillion. Ndiye kuti inu nokha ndi kafoni kanu ku Ndirande kapena ku Area 25 mukanakhala ndi pafupifupi theka la ndalama zoyendetsera boma chaka chathunthu. Munthu wodziwa geni yotero angamavutike kupempha K20,000 yanu pa WhatsApp? Akanakatenga ngongole ku banki n'kulemera yekha mwakachetechete.

Ndalama yomwe oyamba amalandira sichokera ku bizinesi ina iliyonse, ndi ya amene alowa pambuyo. K14,000 yanga ija inali ya munthu wina amene analowa ine nditalowa kale, mwina mayi wogulitsa mandasi. N'chifukwa chake amakukakamizani kuti mubweretse anzanu. Tinene kuti aliyense akuyenera kukoka anthu 6, ndipo 6 aja aliyense akoke 6 ake. Pofika mzere wa 10 pakufunika anthu oposa 60 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti tonse m'dziko muno tinalipo 17.5 miliyoni, kuwerengera ndi makanda omwe. Chinthucho chimayenera kugwa basi, ndipo eni ake amadziwa tsiku lake. Inu ndi amene simulidziwa.

Si zatsopanonso ayi. Charles Ponzi anachita zomwezi ku Boston mu 1920. MMM ya Sergei Mavrodi inaliza anthu ku Russia m'ma 1990, kenaka inadzatulukira ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria cha m'ma 2016. Mirror Trading International ya ku South Africa, yomwe inkati ili ndi kompyuta yochita malonda a Bitcoin yokha, inagwa kumapeto kwa 2020. CBEX inatseka ndalama za anthu ku Nigeria mu 2025. Dzina limasintha, lero akuti crypto, mawa forex, mkuja akuti mukugula "makina" kapena mukulipidwa poonera ma video, koma mphika ndi womwewo.

Ena anena kuti obedwa ndi adyera, alandira zowayenera. Ine ndikukana. Munthu wamaliza sukulu, walemba makalata ofunsira ntchito mpaka kuloweza, akadali kudya kwa makolo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kandalama ukakasunga kamasungunuka ukuona. Munthu wotere akamva zoti pali njira yoti ndalama ithamange kuposa mitengo ya zinthu, amamvetsera. Akathyaliwa amadziwa bwino njala yathu, ndiyo amaikapo nyambo. Koma kumvetsa chifukwa chomwe timakodwera sikubweza ndalama, ndipo sikutichotsera mlandu tikakokera ena m'dzenje. Izi ndikunena kwa inu amene mwanditumizira ma link: mukadziwa kuti phindu lanu likuchokera kwa amene mukumulowetsayo, simulinso wobedwa chabe, mwayamba kugwira nawo ntchito. Sitingamatuluke mumsewu kukakuwa za akuba ndalama za boma, madzulo n'kumadyera masuku pamutu anzathu omwe tinayenda nawo.

Funso loyamba kwa aliyense wofuna kusunga kapena kuchulukitsa ndalama zanu ndi lakuti: chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi chili kuti? Mabanki, ma SACCO, makampani a inshuwalansi ndi ogulitsa masheya onse amayang'aniridwa kumeneko. Satifiketi yolembetsa kampani si chiphaso chotolera ndalama za anthu, ndipo ija amaika pa gulu yokhala ndi chidindo cha ku London, mwana wa Fomu 2 akhoza kuipanga pa foni. Reserve Bank inanenanso kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndiye zikavuta kumeneko mudziwe kuti muli nokha. Njira zenizeni zilipo koma n'zosasangalatsa: masheya pa Malawi Stock Exchange kudzera kwa broker wovomerezeka, ma treasury bill kudzera ku banki, ngakhale banki m'khonde ya anthu odziwana nkhope ndi makomo. Masheya amatha kutsika, ndipo broker weniweni amakuuzani zimenezo musanagule. Amene akulumbira kuti kwa iye kulibe kuluza, muthaweni.

Za kugula katundu pa Facebook ndi pa ma status sinditalikitsa. Laputopu kapena iPhone ya theka la mtengo wa m'tauni, wogulitsa ali "ku border" kapena "ku Joni", akuti tumizani ya transport kaye, ena atatu akuifunanso. Chikomekome cha mkuyu. Katundu mumuone ndi maso, mumuyatse, mukumane poyera masana, kenaka mulipire. Foni dinani *#06# muone ngati nambala ya IMEI ikufanana ndi ya pa bokosi. Ngati wogulitsa ali kutali, tumani m'bale wa kumeneko akaone. Akakana kukumana ndi m'bale wanuyo, nkhani yatha. Chithunzi cha chiphaso cha unzika chomwe amatumiza kuti mumukhulupirire nthawi zambiri ndi cha munthu wina amene anamubera kale, ndiye inunso musamangotumiza chanu kwa aliyense. Musanatsimikize kutumiza, werengani dzina lomwe latuluka pa sikirini. Mukulankhula ndi bambo koma dzina latuluka la mayi, ndipo akuti "ndi nambala ya madam"? Imani kaye.

Ogulitsa nanunso amakuberani. Screenshot si ndalama, SMS si ndalama. Uthenga woti mwalandira ndalama ukachokera pa nambala wamba ya munthu, ndi wolemba pamanja. Onani balansi nokha, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, katundu asanachoke m'manja. Chimodzimodzi uja woimba akulira kuti watumiza molakwitsa mumubwezere: musabweze nokha, muuzeni aimbire kampani ya foni. PIN yanu, ndi manambala aja amabwera pa SMS otsimikizira kuti ndinu, musapatse munthu, ngakhale atalankhula Chingerezi cha mu ofesi n'kutchula dzina lanu lonse. Nambala ya WhatsApp imabedwa choncho, kenaka amayamba kupempha ndalama abale anu m'dzina lanu.

Koma tisamangodzudzulana tokhatokha ngati kuti vuto lonse ndi kupusa kwathu. Mu 2018 tinaima pa mizere kulembetsa ma SIM ndi ziphaso za unzika, atatiuza kuti zithandiza kuthana ndi umbava wa pa foni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security lilipo kuyambira 2016. Nanga bwanji mauthenga a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" akubwerabe m'mawa uliwonse? Manyuzipepala akhala akulemba kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Foni imalowa bwanji m'ndende? SIM yolembetsa m'dzina la munthu wosadziwa kanthu amailembetsa ndani? MACRA, makampani a mafoni ndi akuluakulu a ndende akuyenera kumatiuza poyera kuti manambala angati atsekedwa, ma agent angati alandidwa ntchito, anthu angati afika ku khoti. Kungotitumizira SMS yoti "chenjerani ndi akuba" n'kutisiyira ntchito yawo.

Ngati mwabedwa kale, musachite zomwe ndinachita ine, kukhala chete miyezi iwiri chifukwa cha manyazi. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo ndalama isanatapidwe, sungani ma screenshot, manambala ndi nambala ya transaction, kenaka pitani ku polisi, ali ndi nthambi ya Fiscal yoona zachinyengo cha ndalama. Mwina ndalama sibwerera, yanga sinabwerere, koma nambala ija ikatsekedwa mwapulumutsa wina. Ndipo samalani: pakapita masiku pamabwera wina wonena kuti akhoza kukubwezerani zomwe munataya mukamulipira kangachepe. Ndi omwewo.

Mayi ndinawauza zoona mvula itayandikira, chifukwa panalibenso pothawira. Sanakalipe, anangofunsa kuti "ndiye sukulu ija munkaphunzira chiyani?" Chaka chimenecho tinathira thumba limodzi m'malo mwa awiri, ndipo ndikubwezabe pang'onopang'ono ndi ndalama ya ma part time ophunzitsa ana masamu. Atatu amene munanditumizira link, sindikutchulani pano. Ngati mungathe kutapa, tapani zomwe munaikamo lero lomwe, musalowetsenso munthu, ndipo amene munawalowetsa kale muwaimbire nokha usiku uno.