Jaggu si pusi wa ku Michesi

Makolo ena ku Phalombe amadandaula kuti ana akutha ma bundle poonera Chhota Bheem pa YouTube, katuni ya ku India ya m'Chihindi yomwe idayamba mu 2008 ndipo pano ili ndi mafilimu angapo. Ine sindikuonapo vuto. Mwana samva Chihindi, koma amaona Bheem, Chutki ndi Raju akudya, kusewera ndi kulimbana ndi adani limodzi ndi Jaggu, pusi wolankhula. Mwana wotere angaganize kawiri asanagende galu wa aneba.

Chondivuta n'china. Ku India Ahindu ambiri amalemekeza apusi chifukwa cha mulungu wawo Hanuman, ndiye ubwenzi wa Bheem ndi Jaggu suwadabwitsa. Kwathu kuno, m'munsi mwa phiri la Michesi, pusi ndi mbava ya chimanga basi. Mwana yemwe wasekerera Jaggu madzulo, kukacha amamutuma kumunda ndi legeni kukapirikitsa apusi, mwinanso kujomba kusukulu. Amayikonda nyamayo, koma ikadya mondokwa banja lake ligona ndi njala. Imeneyo ndiyo filimu ndikufuna kuonera, ndipo a Green Gold Animation ku Hyderabad sangatijambulire.

Anzanga a ku Migowi ndi Chiringa amene mumaswera kupanga ma meme pa Facebook, foni yomweyo ikhoza kupanga katuni ya mphindi zitatu. Muikemo agogo akukalipa m'Chilhomwe, ndi pusi akuthawira kuphiri chimanga chili kukamwa.