Kapepala koyezera shuga si kodula pakati

Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wakwera mtengo. Timapepala toyezera shuga m'magazi, tomwe kuchipatala timati ma strip, nato takwera. Pofuna kupulumutsa ndalama, makolo ena kuno ku Mchinji akumadula kapepala pakati, kugula tochotsedwa kale m'botolo, kapena kugwiritsa ntchito totha nthawi. Musanatero, dziwani zomwe zili mkati mwake.

Kunsonga kwa kapepalako kuli tinjira ting'onoting'ono todutsa magetsi, totchedwa ma electrode, tosindikizidwa ndi kaboni kapena golide wopyapyala kwambiri. Pamwamba pake amapakapo mankhwala otchedwa enzyme. Dontho la magazi likafikapo, enzyme imagwira shuga n'kutulutsa timagetsi tochepa zedi. Shuga akachuluka, timagetsito timachulukanso, ndipo makina amatisandutsa nambala yomwe mumaona. Nzeruyi anaiyambitsa Leland Clark ndi Champ Lyons ku America mu 1962.

Kufakitale amayeza timapepalati pa magazi kapena madzi omwe shuga wake akudziwika kale, kuti makina aziwerenga molingana ndi kukula kwa tinjirato ndi mphamvu ya enzyme. Mukadula kapepala, mwaononga muyesowo. Enzyme nayo imafooka ndi kutentha komanso chinyontho. Opanga ambiri amati timapepalati tisapitirire madigiri 30, pomwe nyumba ya malata mu Okutobala imatentha kuposa apo. Choopsa n'chakuti makina sakana nthawi zonse. Amatha kungotulutsa nambala yabodza.

Taganizani mwana wobaya insulin. Makina akanama kuti shuga wakwera, kholo liwonjezera mankhwala, shuga atsika kwambiri, mwana akomoka. Malungo aakulu nawo amatsitsa shuga wa mwana, ndipo akafika pansi pa 2.5 mmol/L ndi ngozi yofuna thandizo nthawi yomweyo.

Ife a m'malire tili ndi msampha winanso. Makina ogula ku Chipata kudzera pa Mwami, kapena otumizidwa ndi abale ku Joni, ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L. Nambala ya 90 pa oyambawo ndi 5 pa enawo: gawani ndi 18. Mukamauza dokotala nambala, tchulaninso zilembo zomwe zili pambali pake.

Inu mavolontiya a ku Mkanda, Kapiri ndi Kamwendo, mukayendera banja, pemphani kuona botolo. Kodi tsiku lotha ntchito silinadutse? Kodi dzina la timapepala likufanana ndi la makina? Kodi amatseka botolo akangotulutsa kamodzi, n'kulisunga pamthunzi kutali ndi moto? Mwana asambe m'manja n'kuuma asanabayidwe, chifukwa madzi a mango kapena nzimbe pachala amakweza nambala.

Ndipo mwana akamanjenjemera, kutuluka thukuta kapena kusokonezeka mutu pomwe makina akuti zonse zili bwino, khulupirirani mwanayo. Ngati akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga, kenako thamangirani naye kuchipatala.