Kalumo ka ku Israel, mutu wa ku Tsangano

Sabata yatha msuweni wanga wina, wogwira ntchito m'tauni, anatiponyera zithunzi pagulu la WhatsApp la kumudzi. Iye ndi anzake avala zipewa zofanana, mabaji ali lende m'khosi, awerama m'munda wa tomato kunja kwa dziko lino, maso ali pa kapaipi kakuda kodontheza madzi patsinde. M'munsi analemba kuti akuphunzira ulimi wothirira. Abale anayamba kumuyamikira, wina n'kupempha nsapato, wina foni. Amalume okha ndiwo anafunsa kuti, "Kodi mphwanga, unayamba wathirirapo ngakhale bedi limodzi la mpiru?" Mpaka lero yankho silinabwere.

Musandimve molakwa, kuyenda sindidana nako. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwambi umenewu ndimaukonda. Ku Israel, komwe akatswiri athu amakonda kupita, nzeru zilikodi. Kampani ya Netafim inayamba m'chaka cha 1965 pamudzi wa Hatzerim, m'chipululu cha Negev, potengera luso la injiniya Simcha Blass loti mbewu imwe dontho limodzilimodzi pamizu penipeni. Madzi ambiri otuluka m'mabafa ndi m'zimbudzi za m'mizinda yawo amawayeretsa n'kukathirira nawo minda. Ophunzira athu a zaulimi amene amakakhala kumeneko pafupifupi chaka chathunthu, akugwira ntchito ndi manja awo, ndimawavulira chipewa. Amene andisowetsa mtendere ndi awa a masiku ochepa, a basi yozizira ndi chakudya cha kuhotela.

Kalumo kangathwe bwanji, kamafuna mutu woti kamete. Nanga wopitayo mutu ali nawo? Inu ndi ine tikudziwa mmene mayina amasankhidwira. Kalata yoitana ikafika, imathera pa desiki yoyamba imene yagwera. Mlangizi amene amapalasa njinga kupita kwa Njolomole kapena ku Nsipe, muno mu Ntcheu, amangomva kuti bwana achokapo. Mayi amene amasunga kaundula wa madzi pasikimu, yemwe amalawirira mbandakucha kukatsegulira anzake mgula n'kutukwanidwa ndi a kumunsi madzi akachepa, pasipoti alibe, ndipo palibe amene anaganizapo zomupangitsira. Wopita ndi amene nsapato zake sizidziwa matope. Akabwera amalemba lipoti, lipoti n'kubala msonkhano kunyanja, msonkhano n'kubala alawansi.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti sukulu yaikulu ya ulimi wothirira tili nayo pakhomo. Kwerani ku Tsangano mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, muone mapiri ali biriwiri ndi kachewere ndi kabichi. Alimi amatchinga kamtsinje ndi miyala, matumba a mchenga ndi udzu, n'kukumba mfuleni woyenda m'mbali mwa phiri, wotsetsereka pang'onopang'ono kuti madzi asathamange n'kukokolola nthaka, komanso asaime. Palibe injini, palibe dizilo, palibe makina oyezera. Muyezo uli m'maso mwa munthu amene mwina sanafike sitandade 8. Ndiwo zimene mumagula pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, zimene malole amatuta usiku kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zambiri zimachokera m'madimba otere, mbali yathu ino ndi tsidya la Angonia. Koma munamvapo kuti gulu la akatswiri lanyamuka ku likulu kukagona sabata ku Tsangano kuti liphunzire? Akapitako amapita kukaphunzitsa.

Apa ndiye pafika nkhani yanga yakale, mundikhululukire. Vuto lathu si kusadziwa kumanga. N'kusasamala zimene tamanga. Damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai muno mu Ntcheu, linamangidwa kuti madzi azitsika okha m'mapaipi mpaka ku Balaka. M'chaka cha 2018 linauma, mipopi n'kukhala gwa, amayi n'kubwerera kuzitsime. Mvula inachepa, n'zoona, koma mitengo ya kumtunda inali itapita m'matumba a makala, minda italowa m'mbali mwa mitsinje, matope n'kumatsikira m'damu. Kodi pamenepa panafunika ndege kuti munthu adziwe kuti phiri likameteka kasupe amafa? Agogo athu ankaletsa kudula mkuyu ndi katope m'mbali mwa mtsinje asanaonepo bwalo la ndege.

Tsikirani kuchigwa cha Bwanje, chimene timagawana ndi anzathu a ku Dedza. Sikimu ya mpunga ya kufupi ndi Mtakataka, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa mtsinje wa Namikokwe. Pasanathe zaka zambiri madzi osefukira anaononga potengera madzi, ndipo m'chilimwe mtsinje unkachepa moti gawo lalikulu limangokhala osalimidwa, mpaka pamene bungwe la European Union linathandiza kumanga damu kumtunda. Alimi a kumeneko adziwa zambiri m'zaka zimenezi: kugawana madzi mosinthana, kutolera msonkho wa madzi kwa mnansi amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, kukokera anthu kukafukula mchenga m'ngalande. Zimenezi n'zimene zimapha kapena kuchiritsa sikimu, ndipo sizioneka pachithunzi.

Za mapampu opalasa aja, amene aphungu ankagawa m'madera mwawo cha m'ma 2005, ndisanene zambiri. Ena anathandizadi. Ambiri anafa kaamba ka kalabala kamodzi kamene sikankapezeka m'sitolo iliyonse ya pa boma. Lero tatengeka ndi mapampu a sola ndi mapaipi odontheza. Zabwino. Koma timabowo ta mapaipi amenewa timatseka ndi madzi amatope a mu Rivirivi ndi Livulezi ngati sefa sitsukidwa, makoswe amawaboola pofuna madzi, ndipo mlimi wa theka la ekala sangagule ena ndi ndalama za mpiru. Amabwerera ku keni yake. Wopita ku Negev uja anafunsa za sefa? Kapena anafunsa za sitolo ya zovala?

Ndondomeko ya boma ya 2015 imati dziko lino lili ndi mahekitala oposa 400,000 oyenera kuthiriridwa, ndipo ambiri a iwo sanalawe dontho. Choncho akatswiri tikuwafuna, ndipo ena azipita kunja ndithu. Ine pempho langa n'laling'ono. Pa mipando khumi ya m'ndege, isanu ikhale ya alangizi ndi atsogoleri a mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi. Aliyense wobwerako apatsidwe sikimu imodzi, dzina lake lilembedwe pachikwangwani, tidzamufunse pakatha zaka ziwiri. Ndipo mtengo wa tikiti imodzi yokha ukhoza kudzaza minibasi zingapo ndi alimi a kwa Ganya, kupita nawo ku Domasi kapena ku Likangala, masikimu akale a ku chigawo cha kummawa, akacheze ndi anzawo m'chinenero chimodzi, mapazi ali m'madzi.

Chovuta n'chakuti alawansi ya ulendo wa ku Domasi imalipidwa m'makwacha.