Tchuthi Chimene Chimayesa Wofuna Digiri ya PhD

Chaka ndi chaka, m'miyezi ya June, July ndi August, pamene ife kuno tili kuwotha moto chifukwa cha chisanu, ku America ndi ku Ulaya kumakhala chilimwe, ndipo mayunivesite amatsekera tchuthi chachitali. Koma si onse ophunzira amene amabwerera kwawo. Ena amatsala, ena amapita ku yunivesite ina, kukagwira ntchito ya kafukufuku pansi pa mphunzitsi wamkulu kwa masabata 8 kapena 10. Ambiri a iwo ndi anyamata ndi asungwana amene sanatsirize digiri yoyamba, koma ali kulingalira za digiri yapamwamba ija yotchedwa PhD. Mwambo umenewu unagwedezeka m'chaka cha 2025, ndipo nkoyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma audziwe bwino, pakuti uli ndi phunziro kwa ife.

Tiyambe ndi mbiri yake. Pamene dziko la Soviet Union linaponya chombo cha Sputnik mumlengalenga m'chaka cha 1957, Aamerica anachita mantha kuti atsalira pa sayansi. Chaka chotsatira, 1958, bungwe la boma lawo lotchedwa National Science Foundation linayamba kupereka ndalama zoti ophunzira a digiri yoyamba azichita nawo kafukufuku. Dongosolo limenelo linafa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamene boma linachepetsa ndalama, ndipo linadzukanso m'chaka cha 1987 ndi dzina loti Research Experiences for Undergraduates, mwachidule REU. Masukulu ena anayambitsa madongosolo awoawo: MIT m'chaka cha 1969, ndi Caltech m'chaka cha 1979. Ku Ulaya, malo aakulu a kafukufuku a CERN, pafupi ndi Geneva, akhala akulandira ophunzira a m'chilimwe kuyambira m'chaka cha 1962.

Kayendetsedwe kake nkosavuta kumva. Pa malo amodzi a REU pamakhala ophunzira ngati 10, ambiri ochokera ku masukulu ena, makamaka ang'onoang'ono amene alibe malabotale aakulu. Aliyense amapatsidwa funso lake laling'ono, ndalama zodzithandizira, ndiponso kawirikawiri malo ogona ndi ndalama za ulendo. Potsiriza amalemba lipoti nafotokoza pamaso pa anzake ndi aphunzitsi zimene wapeza, ngakhale zimene zamukanika.

Nanga phindu lake nchiyani? Choyamba ndi ichi: mayeso a m'kalasi ndi kafukufuku ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa mayeso mphunzitsi amadziwa kale yankho. Pa kafukufuku palibe amene amalidziwa, ndipo munthu angathe kutha mwezi wathunthu osapeza kanthu. Digiri ya PhD ku America imatenga zaka 5 kapena 6, ndipo ambiri amene amaiyamba saitsiriza. Tsono nkwabwino kuti wophunzira alawe ntchitoyo kwa masabata 10, adziwe ngati mtima wake ukugwirizana nayo, asanapereke zaka za unyamata wake. Amene wapeza kuti siyake sanataye kanthu, pakuti wadziwa msanga.

Chachiwiri ndi kalata ya umboni. Osankha ophunzira a PhD sakhutira ndi malikisi okha. Amafuna kumva kwa munthu amene anamuona wopemphayo ali pa ntchito, pamene chida chinawonongeka kapena pamene chiwerengero chinakana kugwirizana. Kalata yotere singalembedwe ndi mphunzitsi amene anangomuona ali pakati pa anthu mazana m'holo. Nchifukwa chake boma la America linakhazikitsanso dongosolo lokumbukira Ronald McNair, katswiri wa sayansi amene anafa pa ngozi ya chombo cha Challenger m'chaka cha 1986, kuti ana a anthu osauka, amene makolo awo sanafike ku yunivesite, apezenso mwayi womwewo.

Koma chinthu chodalira thumba la boma chimayenda monga mwa mtima wa olamulira. M'chaka cha 2025 malo ambiri a REU analengeza kuti salandira ophunzira chifukwa ndalama sizinatsimikizike, ndipo bungwe la zaumoyo la National Institutes of Health linaimitsa dongosolo lake la m'chilimwe cha chaka chimenecho. M'mwezi wa May chaka chomwecho boma la President Donald Trump linapempha nyumba ya malamulo kuti idule ndalama za National Science Foundation ndi gawo loposa theka. Kwa wophunzira amene ali m'chaka chachitatu, chilimwe chimodzi chikapita sichibwereranso.

Mwana wa kuno adziwe zoona zake. Ndalama za REU nza nzika za America ndi okhazikika kumeneko okha. Caltech imalandira alendo ena, koma m'mwezi wa December 2025 boma la America linaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko amene nzika zawo zinaletsedwa ziphaso zina zolowera, kuphatikizapo za ophunzira. CERN ili ndi malo a ophunzira ochokera ku mayiko amene si mamembala ake, makamaka a physics, uinjiniya ndi makompyuta, ndipo mapempho amatsekedwa kumayambiriro kwa chaka. Koma opikisana ndi a dziko lonse lapansi, ndipo osankhidwa ndi ochepa. Mphunzitsi alimbikitse wophunzira wake kupempha, koma asamulonjeze.

Pamenepa funso lenileni nlakuti, kodi ife tilephera bwanji kuchita zomwezi kwathu kuno? Malo alipo. Ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka kuli kafukufuku wa mbewu. Ku Monkey Bay kuli wa nsomba. Ku Zomba kuli wa mitengo. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome, kumene afufuza malungo ndi matenda ena kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ophunzira aliponso, ku University of Malawi, LUANAR, Mzuzu University, MUST, KUHeS ndi MUBAS. Chotsala nkulumikiza mbali ziwirizi.

Wina adzati, kodi ophunzira athu sapita kale kukaphunzira ntchito m'maofesi, ndiponso salemba kafukufuku m'chaka chotsiriza? Nzoona, ndipo zonsezo nzabwino. Koma wopita ku ofesi amaphunzira ntchito yodziwika kale, osati kufunsa funso latsopano. Ndipo kafukufuku wa chaka chotsiriza amadza pamene wophunzira ali kale pakhomo potulukira, maganizo ali pa kufuna ntchito. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Winanso adzati ndalama kulibe. Tisabise, mwana wa mlimi sangakhale masabata 10 pa Chitedze popanda chakudya ndi pogona, ndipo dongosolo lopanda malipiro lingathandize ana a olemera okha. Komabe mtengo wosunga ophunzira 10 kwa tchuthi chimodzi ngwochepa poyerekeza ndi wotumiza munthu mmodzi kunja kwa zaka zingapo, iye nkukazindikira ali komweko kuti kafukufuku samukonda.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, amaika patsogolo ulimi wopindulitsa ndi mafakitale, ndipo zimenezi zimafuna anthu athu odziwa kufufuza. Tsono mkulu wa malo a kafukufuku aganizire funso limodzi laling'ono limene wophunzira angaliyankhe m'masabata 10. Wokonza bajeti aikepo mzere wa chakudya ndi pogona. Mphunzitsi wa ku yunivesite amuyang'anire mwanayo pa ntchito, kuti tsiku lolemba kalata ya umboni adzalembe zimene anaona ndi maso ake.