AKUFA ATHU NAWONSO AWERENGEDWE



Pakagwa maliro m'mudzi muno timadziwa kugwira pensulo. Mlembi amakhala pansi pa mtengo ndi kope lake, nalemba kuti a uje apereka K500, a uje mbale ya ufa, a mpingo nkhuku imodzi, ndipo kumanda zonsezi zimawerengedwa mokweza kuti pasakhale wodandaula. Palibe tambala imene imasowa. Koma tikufunsa: ndani amalemba chimene chapha munthuyo? Adzukulu akafotsera, anthu nabalalika, chipepeso chiri m'buku, koma nthenda imene yatilanda mbale wathu yalowa naye m'manda.

Mwina wina adzati, "Nanga si Boma liri ndi manambala? Timawamva pa wailesi." Inde timawamva. Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 63 ankafa asanakwane zaka zisanu, pamene mu 1992 anali 234, ndiko kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anai alionse. Anapezanso kuti pa ana 100,000 obadwa, amayi 439 ankataya moyo chifukwa cha uchembere, pamene kafukufuku wa 2000 anapeza 1,120. Sitikutsutsa kuti imfa zatsika. Tingakhale abodza, pakuti agogo athu amene anabala khumi naika atatu akali moyo, ndipo katemera, masikito ndi sikelo taziona ndi maso athu.

Chimene tikufuna kuti mudziwe ndi kumene manambalawa amachokera. Sachokera m'kaundula wa maliro ai. Akalaliki a ofesi yowerengera anthu ya ku Zomba amasankha midzi ndi makomo ena, nakafunsa. Mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anafunsa amayi oposa 24,000. Mwabala angati? Amoyo ndi angati? Nanga abale anu akazi a bere limodzi alipo onse? Amene anamwalira anali ndi pakati kodi? Atatero amawerengetsa, nati dziko lonse liri chonchi. Nchito imeneyi ndi yanzeru, sitikuinyoza. Koma kuteroko ndi kulawa ndiwo ndi chala: udziwa kuti mchere wakwana mumphika, koma sudziwa amene wagona ndi njala. Kafukufukuyu amabwera kamodzi patapita zaka zingapo, ndipo sangatiuze kuti m'dera la mfumu yathu yaikulu chaka chatha anafa angati, anafa ndi chiani, anafera panyumba kapena pa njinga ali pa ulendo wa kuchipatala.

Wofera m'chipatala dokotala amamulembera chimene chamupha. Nanga wofera pamphasa? Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse tinali a kumudzi. Ife ochulukafe ndi amene imfa zathu zimangoyerekezedwa.

Lamulo liripo. Linakhazikitsidwa mu 2010, linayamba kugwira nchito mu 2015, ndipo limati mwana aliyense wobadwa ndi munthu aliyense womwalira alembedwe. Mu 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yowerengeka ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. Makina ojambulira anafika mpaka pa sukulu za kuseri kwa phiri kumene galimoto la odwala silinafikepo. Tsono asatiuze kuti kwathu ndi kutali. Atsamunda ankadziwa nyumba iriyonse chifukwa cha msonkho. A masiku ano amadziwa dzina liri lonse chifukwa cha chisankho. Wakufa sakhoma msonkho, saponya voti, chotero palibe amene amamufunafuna ndi buku.

Musayese kuti iyi ndi nkhani ya mapepala chabe. Kumbukirani njala ya 2002. Anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, nafa m'njira, koma kufikira lero akafuna kunena chiwerengero ena amati mazana, ena amati zikwi, ndipo munthu wofuna kuchepetsa mlandu amangosankha nambala imene yamukomera. Tsopano yerekezani ndi kolera uja anayamba ku Machinga mu Malichi 2022. Chifukwa amamuopa, kufikira m'mizinda momwe, ankamuwerenga tsiku ndi tsiku: odwala pafupifupi 59,000, omwalira oposa 1,700. Manambalawo atamveka kunja, tinaona mahema, mankhwala othira m'madzi ndi katemera. Nthenda yowerengedwa imaitana thandizo. Koma mwana wofa ndi malungo usiku, mayi wotaya magazi m'chikuta, bambo wotsokomola miyezi isanu, amenewa amapita chete, mmodzimmodzi, ndipo pogawa ndalama ku Lilongwe amaoneka ngati kulibe.

Pano tiyenera kudziloza chala tokha, pakuti si bwino kumangotukwana a kutali. Kodi pa maliro athu timanena zoona? Woyankhula m'malo mwa banja amaima nati, "Anangodandaula mutu," kapena "Adwala nthawi yochepa," ndipo tonse timagwedeza mitu tikudziwa kuti si choncho. Edzi inapezeka m'dziko muno mu 1985. Kwa zaka zambiri tinaipatsa maina ozembera, kaliwondewonde, magawagawa, tikuika aphunzitsi ndi anamwino sabata ndi sabata, osafuna kuitchula. Mankhwala aulere otalikitsa moyo anayamba mu 2004, chaka chomwe Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mbale wake anafa ndi nthendayi. Ndi angati amene tinawaika m'zaka za manyazi zija, amene akazi awo tinawalowetsa chokolo osanena kanthu?

Ndipo pamene sitidziwa chimene chapha munthu timathamangira kunena kuti "ndi za anthu". Mau amenewa ndi mpeni. Mu Januwale 2016 ku Neno mtsikana anaombedwa ndi mphenzi, ndipo anthu anapha okalamba anai powanamizira kuti ndiwo anatumiza. Imfa imodzi imene chifukwa chake chinaoneka ndi aliyense kumwamba inabala maliro ena anai. Munthu wakufa ziwalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi timati amumenya ndi hamala ya ufiti, ndipo m'malo moti ana ake akapimitse magazi awo amanyamuka kupita kwa sing'anga kukafuna mfiti. Akabwerako agogo ena atenthedwa nyumba, nthenda yeniyeni iri phee kudikira wotsatira.

Pali akufa enanso amene ngakhale kope la chipepeso siliwadziwa. Khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amayi okha amalitenga mwakachetechete, osaliza maliro, abambo osapita. Mwambowo sitikulimbana nawo. Koma imvani: mwa ana 63 aja, 27 ankafa mwezi woyamba usanathe. Kumeneko ndiko kuli imfa zambiri, ndipo ndi komwenso timabisa kwambiri. Tidzapempha bwanji nyumba yodikirira amayi apakati, mzamba wachiwiri kapena mlatho pa mtsinje, ngati ife eni timati palibe chimene chachitika?

Asatinamize kuti kulemba imfa za kumudzi ndi kosatheka. Ku Chilumba m'boma la Karonga akhala akuchita kuyambira 2002. Munthu akamwalira m'midzi ya kumeneko uthenga umafika kwa ofufuza, ndipo maliro akatha amapita kukakhala pansi ndi amene anadwazika, nafunsa mwaulemu: anadwala masiku angati, ankatsokomola kodi, anatupa miyendo, anatsegula m'mimba? Madokotala akawerenga mayankhowo amatha kunena nthenda imene iyenera kuti ndiyo inamupha. Zida zake ndi pepala, njinga ndi munthu wodziwa kufunsa. Ngati zikutheka m'mbali mwa nyanja ku Karonga, chikuletsa nchiani kuno?

Chotero tikuti kwa Boma: lamulo munalemba nokha, litsateni mpaka kumudzi. Mafumu apatsidwe mabuku ndi mapepala ake, alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe mafunso aja, ndipo wamasiye asauzidwe kuti akwere basi kawiri katatu kupita ku boma chifukwa cha chikalata chimodzi. Tikufunanso kuti zimene zalembedwazo zizibwerera kwa ife. Chaka chikatha, azimata pa khoma la chipatala chathu chaching'ono kuti m'dera lino amwalira mwakuti, ana mwakuti, amayi apakati mwakuti, kuti phungu akabwera ndi nsalu ndi mpira timufunse tikuloza pakhomapo.

Koma sitidikira iwo kuti ayambe. Palibe manda amene amakumbidwa mfumu isanalole, motero mfumu imadziwa maliro onse. Mlembi wa nthambi agule kope lachiwiri, apite kwa a nyakwawa pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo, alembe tsiku, zaka za womwalira, kumene anafera ndi mmene anadwalira. Banja losafuna kuti dzina lituluke, dzinalo lisalembedwe. Ife tikufuna nthenda, osati miseche. Za makanda zikafunsidwe ndi amayi a m'komiti, kwa anamkungwi, kuseri. Pa msonkhano wotsatira mudzi uliwonse ubwere ndi maliro ake kuyambira pamene mvula inayamba, tiwaphatikize, ndipo pepalalo tidzalipereka m'manja mwa khansala anthu onse akuona.