Puloti yochipa pansi pa mawaya? Funsani musanalipile

Mwezi ukasila, ba landilodi bali pa chitseko. Renti ikwela, malipilo ali pamene anali. Ndiye chifukwa chake aliyense mu komboni alota kapuloti kake, olo kang'ono, amangepo tuzipinda tubili. Apa ndiye pamene ba ejenti na makada batigwilila. Bakuuzani ati: "Bosi, mtengo ni hafu, pafupi na msewu, na malaiti ali pamwamba panu pamene apa." Mukayang'ana kumwamba, muona mawaya akulu-akulu pa nsanja za nsimbi.

Anzanga, malaiti aja si anu. Malaini akulu amene achoka ku Kariba North Bank na ku Kafue Gorge kubwela ku substation ya Leopards Hill mu Lusaka anyamula mavoti 330,000. Mu nyumba mwanu mungena 230 chabe. Simungakoke waya kuchoka pa nsanja ija. Muzafunika kulembetsa kwa ba ZESCO monga aliyense, na kuyembekeza laini ing'ono yochoka pa thiransifoma.

Manje nkhani ikulu ni iyi. Pansi pa laini na m'mbali zake zonse zibili pali malo amene ba ZESCO baitana wayleave. Mavoti akachuluka, na malo aya akula. Mu wayleave simumanga. Olo mukhale na kalata ya chidindo yochoka kwa ba cheyamani, pepala ija siisintha lamulo. Ba ZESCO bali na ufulu wongena, kudula mitengo na kukonza laini yabo. Ngati laini munaipeza, nyumba ingagwetsedwe, ndipo musayembekeze kuti bazakubwezelani olo ngwee. Wamene anakugulitsani, foni yake izankhala yovala.

Lamulo iyi iteteza moyo wanu. Malaiti a mavoti ambili safuna kuti muagwile: akutha kujumpha mu mphepo ngati nsimbi yafika pafupi. Ganizani vimene timachita tikamanga. Bilikileya akweza malata, pulamba aimika stand ya thanki, ba borehole baimika mashini yabo itali, mwana atenga waya kuti agwetse mango. Vonse ivi pansi pa laini ni kuitana malilo. Ndipo waya ikaduka nthawi ya mvula, na pansi pozungulila pankhala malaiti. Musafike pafupi, musathamange. Chokanipo mokhwekhweleza mapazi ali pamodzi, muitane ba ZESCO.

Nanga ija nkhani yakuti mawaya adwalitsa kansa? Mu 2002 bungwe ya IARC, imene ili pansi pa WHO, inaika mphamvu ya maginito yochoka ku malaini otele mu gulu ya vintu vimene mwina vingabweletse kansa, kutanthauza kuti umboni ulipo wochepa, siunakwane. Chodziwika bwino nichakuti mphamvu ija ichepa msanga mukatalikila laini. Na kaphokoso kaja ka "zzzz" kamene mumvela kukankhala chinyontho sikatanthauza kuti waya ifuna kuduka, ni mmene malaini akulu achitila. So nyumba imene ili kunja kwa wayleave ingagulidwe, ndipo mungakambilane kuti mtengo utsike, chifukwa na imwe tsiku yogulitsa ogula bazayang'ana kumwamba.

Musanatulutse ndalama, chitani ivi. Yendani pa puloti na miyendo yanu, musakhulupilile zithunzi za pa Facebook. Pitani ku ofesi ya ZESCO, mufunse kuti laini ija ni ya mavoti angati na wayleave yake ifika pati, bakulembeleni. Chitani search ku Ministry of Lands ngati puloti ili na taito ya zaka 99, olo ku kanso ngati ni occupancy licence ya zaka 30. Pezani saveya akuonetseni mabikoni, mupime kuchoka pa laini. Wogulitsa akayamba vakuti "lipilani lelo, mailo kuli wina abwela na kashi", muzibe kuti pali chimene abisa.

Ngati pafupi pali thiransifoma chabe, osati nsanja, nkhani ichepako. Koma musaitsekele mu wall fence yanu, musamange kantemba pansi pake, ndipo bana bazibe kuti paja siposeweletsa.

Ndalama ya puloti ni ya chilimba ya zaka, ni nkhongole, ni penshoni ya ba mayo. Tsiku imodzi ya basi na mafunso pa maofesi siidula monga nyumba yogwetsedwa. Bakulu banakamba kale kuti safunsa anadya phula.